Maphunziro Aoloka Malire: Mbiri ya Kuvomerezana kwa Masukulu Apamwamba



Mwana akasamuka ndi makolo ake pakati pa caka, kucokera ku Katete kupita ku Kitwe, aphunzitsi aakulu a sukulu yake yakale ampatsa kalata. M'kalatamo alemba dzina lake, giredi imene alimo, ndi m'mene akhozera m'kalasi. Akafika ku Kitwe aphunzitsi a kumeneko awerenga kalata ija, ndipo mwana wa Giredi 4 akhala pansi m'Giredi 4. Palibe womuuza kuti abwerere ku Giredi 1, pakuti masukulu awiriwo ali m'dziko limodzi, atsata silabasi imodzi, ndipo aphunzitsi a ku Kitwe akhulupirira dzanja ndi cidindo ca anzao a ku Katete.

Tsopano taganizani za mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira zaka ziwiri pa yunivesite ya dziko lina, ndipo cifukwa ca nkhondo, matenda kapena kutha kwa ndalama ayenera kukatsirizira maphunziro ake kwina. Kumene wafikako sadziwa aphunzitsi ake, sanaone mayeso amene analemba, ndipo mwina ngakhale cinenero cimene anaphunziriramo sacimva. Kodi zaka ziwiri zija ziwerengedwa, kapena zitayika monga madzi otungira m'dengu? Funso limeneli lavuta anthu kwa zaka mazana ambiri, ndipo linavuta kwambiri makolo athu amene anayamba kufuna maphunziro apamwamba dziko lino lisanakhale ndi yunivesite yakeyake. Lero tiona m'mene anthu a mibadwo yosiyanasiyana anayesera kuliyankha.

Ophunzira oyenda a masiku amakedzana

Musaganize kuti kuyenda ulendo wautali pofuna nzeru kunayamba dzulo ai. Kale kwambiri, kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, anyamata analikuyenda miyezi yathunthu m'cipululu kukaphunzira kwa akaswiri a ku Cairo, ku Fez ndi ku Timbuktu. Wophunzira analikukhala pa mapazi a mphunzitsi mmodzi kufikira atatsiriza buku limodzi. Mphunzitsi akakhutira, analikumlembera cikalata cochedwa ijaza m'Ciarabu, conena kuti uje waphunzira buku lakutilakuti kwa ine, ndipo ndamlola kuliphunzitsa kwa ena. M'cikalatamo analikuchulanso amene anaphunzitsa mphunzitsiyo, ndi amene anaphunzitsa ameneyo, monga umo ticitira pochula mibadwo ya makolo. Wophunzira akapita ku mzinda wina analikuonetsa zikalata zakezo, ndipo sanafunsidwe kubwereza mabuku amene anatsiriza kale. Mphamvu ya cikalata inali m'dzina la mphunzitsi. Akakhala wodziwika ndi wokhulupirika, cikalata cake cinalikulandiridwa kutali.

Ku Europe kunali njira ina. Mayunivesite oyamba, monga a ku Bologna, ku Paris ndi ku Oxford, onse analikuphunzitsa m'Cilatini, ndipo maphunziro ao anali ofanana kwambiri. Cotero wophunzira wa ku England anatha kukamva phunziro ku France popanda bvuto la cinenero. M'caka ca 1233 Papa Gregory IX analamula kuti munthu amene wapatsidwa cilolezo ca kuphunzitsa pa yunivesite ya ku Toulouse aloledwe kuphunzitsa kwina kulikonse popanda kuyesedwanso. Pambuyo pake ufulu womwewo unapatsidwa kwa mayunivesite ena. Koma lamulo silinathetse nsanje. Akaswiri a ku Paris ndi a ku Oxford anakhala nthawi yaitali alikukanizana, ena osafuna kulandira ophunzira a anzao asanawayese okha. Apa tiona kuti ngakhale mfumu ilamule, kuvomerezana sikukhazikika ngati eni masukulu sakhulupirirana.

Muyeso wa maphunziro upangidwa

M'zaka zonsezi panalibe muyeso woyesera maphunziro a munthu amene sanafike kumapeto. Munthu anali ndi digiri kapena analibe. Muyeso unabadwira ku America, ndipo unabadwa motere.

M'caka ca 1869 a Charles Eliot anakhala mkulu wa yunivesite ya Harvard. Kufikira nthawi imeneyo ophunzira a m'makoleji a ku America analikuphunzira pafupifupi zinthu zimodzimodzi onse, caka ndi caka. A Eliot analola kuti wophunzira azisankha yekha maphunziro amene afuna. Koma pamenepo panabuka funso latsopano. Ngati wina wasankha mbiri yakale ndi zinenero, mnzake wasankha masamu ndi sayansi, tidziwa bwanji kuti onse awiri agwira nchito yokwanira kulandira digiri? Anafunika njira yowerengera, ndipo anayamba kuwerenga maola.

M'caka ca 1905 munthu wina wolemera kwambiri, a Andrew Carnegie, anapereka madola 10 miliyoni kuti aphunzitsi okalamba a m'makoleji azilandira penshoni. Bungwe losunga ndalamazo linafuna kudziwa kuti koleji yeniyeni ndi iti. Cotero m'caka ca 1906 linaika muyeso wakuti phunziro limodzi la ku sekondale, lophunzitsidwa maola 120 pa caka, likhale mbali imodzi, ndipo koleji yofuna penshoniyo izilandira okhao amene atsiriza mbali 14. Makoleji nao anatengera nzeru yomweyo m'makalasi ao. Ola limodzi la m'kalasi pa mlungu, kwa milungu ngati 15, analicha kirediti imodzi, ndipo digiri ya zaka zinai inakhala makirediti ngati 120.

Kirediti tingaiyerekeze ndi thumba la cimanga. Mlimi sacita kudikira kuti munda wonse ukololedwe kuti adziwe zimene wapeza. Thumba lililonse likadzala, alisoka ndi kuliwerenga. Akasamuka, anyamula matumba ake. Momwemonso wophunzira wa ku America akatsiriza phunziro limodzi ndi kukhoza mayeso ake, makirediti a phunzirolo analembedwa m'buku la koleji, ndipo anatha kuwanyamula kupita nao ku koleji ina.

Ulendo wa a Hastings Banda

Kuti muone m'mene muyeso umenewu unathandizira, ndi pamene unalekezera, tamverani za munthu amene dzina lake mulidziwa, a Hastings Kamuzu Banda, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri woyamba wa Malawi. Iwo anabadwira kufupi ndi Kasungu, tsidya lija la malire athu a kum'mawa. Atagwira nchito zaka zingapo ku South Africa, anafika ku America m'caka ca 1925. Anatsiriza sekondale ku Wilberforce m'cigawo ca Ohio, nalowa yunivesite ya Indiana. Asanatsirize kumeneko anasamukira ku yunivesite ya Chicago, ndipo zimene anaphunzira ku Indiana sizinatayike. Analandira digiri yao ku Chicago m'caka ca 1931. Atatero anapita ku Meharry Medical College m'cigawo ca Tennessee, kumene anatsiriza maphunziro a udotolo m'caka ca 1937.

Kufikira apa matumba ao onse analikuwerengedwa, cifukwa analikuyenda m'dziko limodzi la muyeso umodzi. Bvuto linadza pamene anafuna kubwerera kwao kukaciritsa anthu a mtundu wao. Nyasaland inali pansi pa Britain, ndipo malamulo a nthawi imeneyo anafuna kuti dotolo wogwira nchito m'maiko a Britain akhale ndi cikalata covomerezeka ku Britain. Digiri ya ku Tennessee siinakwanire. Munthu amene anali dotolo kale anaoloka nyanja kupita ku Edinburgh m'dziko la Scotland, nakhalanso pa benci monga wophunzira, ndipo anapata zikalata za kumeneko m'caka ca 1941. Thupi la munthu ndi limodzimodzi ku Tennessee ndi ku Edinburgh, malungo naonso ndi amodzimodzi, koma malire a maiko anamdyera zaka zina za moyo wake.

M'mene makolo athu anabwerekera dzina la London

Tsopano tibwere kuno kwathu. M'masiku a Northern Rhodesia maphunziro a anthu akuda anacedwa kwambiri. Kalasi loyamba la sekondale ya Boma linatsegulidwa ku Munali m'caka ca 1939, ndipo yunivesite kunalibe. Wofuna digiri anayenera kucoka m'dziko. Ena anapita ku Fort Hare ku South Africa, koleji imene inatsegulidwa m'caka ca 1916. Ena anapita ku Makerere ku Uganda, ena ku Britain, ena ku India. A Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzira ku Makerere ndi ku London. A Simon Kapwepwe anaphunzira ku India. A Elijah Mudenda, amene anakhala Nduna Yaikulu m'caka ca 1975, anapyola ku Makerere, ku Fort Hare ndi ku Cambridge. A John Mwanakatwe anaphunzira ku Adams College ku Natal, nalandira digiri ya University of South Africa, ndipo anadzakhala Nduna yoyamba ya Maphunziro m'Zambia.

Kodi masukulu akutaliwo analikudziwa bwanji kuti mnyamata wocokera ku Munali ali wokonzeka? Yankho lake linali mayeso a Cambridge. Mafunso analikukonzedwa ku England, natumizidwa kuno atamatidwa, ndipo mapepala a ophunzira analikubwezedwa ku England komweko kukacongedwa. Setifiketi yake inali ndi dzina la Cambridge, cotero inalikulandiridwa ku Kampala, ku London ndi kwina konse kumene ulamuliro wa Britain unafika.

Makoleji a mu Africa naonso anabwereka dzina. Kuyambira m'caka ca 1858 yunivesite ya London inalola munthu kulemba mayeso ake a digiri ngakhale sanaphunzire m'nyumba zake. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, London inapangana ubale wapadera ndi makoleji atsopano a mu Africa: Ibadan ku Nigeria ndi koleji ya ku Gold Coast m'caka ca 1948, Makerere m'caka ca 1949, ndi koleji ya ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, imene inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1957. Aphunzitsi a m'makolejiwa analikuphunzitsa, koma silabasi inayenera kuvomerezedwa ku London, mayeso analikucongedwa pamodzi ndi akaswiri a ku London, ndipo digiri inali ya London.

Njira imeneyi inali ndi ubwino wake. Wotsiriza ku Makerere sanafunsidwe mafunso ambiri kulikonse kumene anapita. Koma inalinso ndi mtengo wake. Muyeso wonse unali m'manja mwa eni kutali, ndipo khomo lolowera linali lopapatiza. Koleji ya ku Salisbury, imene inamangidwira maiko onse atatu a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, inafuna ophunzira otsiriza Fomu 6, pamene kuno masukulu a anthu akuda okhala ndi Fomu 6 anali owerengeka. Njira ya kum'mwera nayonso inalikutsekeka, pakuti Boma la tsankho la South Africa linakhwimitsa malamulo, ndipo lamulo la 1959 linagawa mayunivesite monga mwa khungu ndi mtundu. Zotsatira zake zinaoneka pa 24 October 1964. Pa tsiku la ufulu, m'dziko la anthu oposa mamiliyoni atatu, eni dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe.

Zambia iima payokha

M'caka ca 1963 kagulu ka akaswiri kotsogozedwa ndi a John Lockwood, amene anakhalapo mkulu wa yunivesite ya London, kanafunsidwa kulangiza za yunivesite ya dziko lino. Malangizo ao anadabwitsa ambiri. Ngakhale a Lockwood anali munthu wa ku London, kaguluko kanati yunivesite yatsopano isabwereke dzina la wina, koma ipereke madigiri akeake kuyambira pa ciyambi, ndiponso ilandire ophunzira otsiriza School Certificate popanda kudikira Fomu 6. Cifukwa ca ici digiri yoyamba inakhala ya zaka zinai, pamene ku England inali ya zaka zitatu.

Anthu wamba anasonkha zimene anali nazo, ena ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi, kuti yunivesite imangidwe. Lamulo loikhazikitsa linapangidwa m'caka ca 1965, ndipo mu March 1966 University of Zambia inayamba kuphunzitsa ku Ridgeway mu Lusaka ndi ophunzira 312. M'caka ca 1969 a Lameck Goma a ku Lundazi, amene anaphunzira ku Fort Hare, ku Cambridge ndi ku London, anakhala mwana wa Zambia woyamba kuiyendetsa.

Koma kuima pawekha kuli ndi nchito yake. Dzina la London litacoka pa cikalata, Zambia inayenera kudzipangira mbiri yabwino yokha. Njira imodzi inali kuitana akaswiri a mayunivesite a maiko ena kudzaona mafunso a mayeso ndi mayankho a ophunzira, kuti acitire umboni kuti muyeso wa ku Lusaka suli wopepuka. Njira ina, yoposa zonse, inali nchito ya otsiriza maphunzirowo. Aliyense amene anapita kunja kukaonjezera maphunziro nakhoza bwino anatsegulira khomo anzake obwera m'mbuyo. Pambuyo pake mayeso a sekondale naonso anabwera m'manja mwathu, ndipo lamulo la 1983 linakhazikitsa Examinations Council of Zambia.

Maiko apangana

Maiko ambiri a mu Africa atalandira ufulu, lililonse linamanga yunivesite yake, ndipo bvuto lakale linabweranso m'maonekedwe atsopano. Ena anatsata njira ya Britain, ena ya France, ena ya Portugal. Mphunzitsi wophunzira ku Lubumbashi, mtunda waufupi kucokera ku Chililabombwe, anali mlendo kwa ife koposa wophunzira ku London. Ophunzira athu ena analikubwera ndi zikalata zolembedwa m'Cirasha ndi m'zinenero zina zimene olemba anthu nchito sanathe kuwerenga.

Pa 5 December 1981, mumzinda wa Arusha ku Tanzania, maiko a mu Africa mothandizidwa ndi bungwe la UNESCO anapanga pangano la kuvomerezana maphunziro, masetifiketi ndi madigiri. Panganolo linakonzedwanso ku Addis Ababa m'caka ca 2014, ndipo lokonzedwalo linayamba kugwira nchito mu December 2019. Kuno kum'mwera, atsogoleri a maiko a SADC anasaina pangano la maphunziro ku Blantyre m'caka ca 1997. Mwa zina anagwirizana kuti mayunivesite azisungira ophunzira a maiko anzao malo osacepera asanu pa malo 100 alionse, ndi kuti ayesetse kupanga njira yosamutsira makirediti.

Ku Europe anacitapo kanthu msanga. M'caka ca 1987 anayamba cikonzero cochedwa Erasmus, cotumiza ophunzira kukaphunzira miyezi ingapo m'dziko lina ndi kubwerera. Ophunzirawo sanafune kuti miyezi imeneyo itayike, cotero m'caka ca 1989 panayambika muyeso wochedwa ECTS, umene uwerenga caka cimodzi ca maphunziro monga makirediti 60. M'caka ca 1999 nduna za maiko 29 zinakumana ku Bologna, mzinda wa yunivesite yakale ija, nizigwirizana kulinganiza madigiri ao.

Koma cinthu cacikulu koposa cinalembedwa ku Lisbon m'caka ca 1997. Kale wophunzira ndiye analikusenza katundu wa kutsimikiza kuti maphunziro ake alingana ndi a eni dziko. Pangano la ku Lisbon linatembenuza mlanduwo. Linati maphunziro a kunja avomerezedwe, pokhapokha ngati wokanayo aonetsa kuti pali kusiyana kwakukulu. Mfundo yomweyi inalowa m'pangano la dziko lonse limene UNESCO inavomereza mu November 2019, ndipo linayamba kugwira nchito mu March 2023. Panganoli likumbukiranso othawa nkhondo amene zikalata zao zinapsa kapena zinatsala m'mbuyo.

Tiyeni ticite masamu pang'ono

Mwina muganiza kuti popeza maiko ambiri tsopano awerenga makirediti, bvuto latha. Tatengani pensulo. Caka cimodzi ca pa yunivesite ciwerengedwa makirediti ngati 30 ku America, 60 m'maiko otsata ECTS, ndi 120 ku Britain ndi ku South Africa. Kodi wophunzira wa ku Britain agwira nchito yoposa ya mnzake wa ku America kanai? Iai. Kusiyana kuli m'miyeso. Kirediti ya ku America iwerenga makamaka maola a m'kalasi. Ya ECTS iimira maola 25 kufikira 30 a nchito yonse ya wophunzira, ya m'kalasi, ya m'laibulale ndi ya kunyumba. Ya ku Britain iimira maola 10 a nchito yotereyo. Cili monga kuyesa nsalu imodzi ndi mayadi, ndi mamita, ndi mikono. Manambala asiyana, nsalu ndi yomweyo.

Ndiponso kuwerenga matumba sikunena zimene zili m'kati mwao. Thumba la cimanga ndi thumba la gaga onse ndi matumba. Cifukwa ca ici yunivesite yolandira wophunzira siona nambala yokha. Ifunsa ngati sukulu imene acokerako ili yovomerezeka ndi Boma la kwao. Ifunsa zimene zinaphunzitsidwa m'phunziro lililonse, msinkhu wake, ndi m'mene wophunzirayo anakhozera. Mayunivesite ambiri afunanso kuti mbali yaikulu ya digiri iphunziridwe kwa iwo eni, pakuti dzina lao ndilo lidzalembedwa pa cikalata. Mau otsiriza ali ndi yunivesite yolandirayo.

Za masiku ano

Kuno kwathu lamulo la 2011 linakhazikitsa Zambia Qualifications Authority, bungwe limene liona zikalata zocokera kunja, kutsimikiza kuti ndi zoona, ndi kunena msinkhu umene zilingana nao m'maphunziro a Zambia. Lamulo la 2013 linakhazikitsa Higher Education Authority yoyang'anira mayunivesite ndi makoleji a m'dziko muno. Wofuna nchito ya udotolo kapena ya uphunzitsi ayeneranso kulembedwa m'kaundula wa bungwe la nchito yakeyo.

Kuti zimenezi si nkhani ya m'mabuku cabe tinaziona m'caka ca 2022. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu February, ophunzira zikwi zambiri a mu Africa, pamodzi ndi ana a Zambia, anathawa ndi tizikwama ta m'manja. Ambiri a iwo analikuphunzira udotolo, ena atatsala pang'ono kutsiriza. Atapulumutsa moyo, anakumana ndi funso lomwe lija la a Banda: kodi zaka zimene ndaphunzira ziwerengedwa? Amene anali ndi cikalata coonetsa maphunziro onse amene anatsiriza, cimene pa Cingerezi acicha transcript, anali ndi poyambira pokambirana ndi mayunivesite ena. Amene analibe anabvutika koposa, ndipo ena anauzidwa kubwerera m'mbuyo. Kumbuyo kwa wophunzira aliyense wotere kuli makolo amene anagulitsa ng'ombe kapena munda, ndi mudzi umene ulikudikira dotolo wao.

Mau kwa aphunzitsi ndi kwa ana

M'mbiri yonseyi, kuyambira pa ijaza ya ku Timbuktu kufikira pa mapangano a UNESCO, cinthu cimodzi sicinasinthe. Cikalata ndi umboni wa munthu mmodzi kwa mnzake amene sanamuonepo, wakuti mwana uyu adziwadi zimene ndalemba. Miyeso ndi mapangano zithandiza kumasulira umboniwo, koma sizingaupatse mphamvu ngati wolembayo sanena zoona.

Cotero inu aphunzitsi, musapeputse kaundula wa kalasi ndi malipoti a kumapeto kwa temu. Pamene mulemba mamaliki oona, ngakhale a mwana wa mfumu kapena wa mbale wanu, mulikumanga dzina la masukulu a Zambia. Pamene sukulu ina ilola kubera mayeso, siiononga ana ake okha, koma icepetsa mtengo wa setifiketi ya mwana aliyense wa dziko lino amene adzagogoda pa khomo la yunivesite ya kunja. Samalani kalembedwe ka dzina la mwana ndi tsiku lake lobadwa, pakuti cilembo cimodzi cosiyana pakati pa setifiketi ndi pasipoti cingamcedwetse miyezi yambiri atakula.

Ndipo inu ana, sungani malipoti ndi masetifiketi anu pa malo ouma, kumene ciswe ndi makoswe sizifika. Ena a inu mudzaphunzira ku Lusaka kapena ku Kitwe, ena ku maiko amene lero mungowaona pa mapu. Tsiku limenelo likadzafika, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Musanalipire ndalama, funsani ngati sukuluyo ili yovomerezeka kwao, ndi ngati cikalata cake cidzalandiridwa kuno. Pa kutha kwa caka ciliconse tengani cikalata ca maphunziro amene mwatsiriza, pamodzi ndi silabasi yake. Ndipo mukadzatsiriza, bwerani nazo nzeruzo kumudzi monga anacitira a Goma ndi a Mwanakatwe, pakuti madzi saiwala khwawa.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi ijaza cinali ciani, ndipo mphamvu yake inali kuti?
2. Cifukwa ninji a Hastings Banda anapita ku Edinburgh ngakhale anali dotolo kale?
3. Chulani maiko atatu kumene ana a Northern Rhodesia analikupita kukafuna madigiri, ndipo muwapeze pa mapu.
4. Wophunzira watsiriza zaka ziwiri m'dziko lotsata ECTS. Kodi ali ndi makirediti angati? Nanga zaka ziwiri zomwezo zikanakhala makirediti angati ku South Africa?
5. Funsani aphunzitsi aakulu akuonetseni kalata imene apatsa mwana wosamukira ku sukulu ina. Kodi mwalembedwa zotani, ndipo cifukwa ninji pali cidindo?